Tizipewa Titatu ta Dorina

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, zilembo zanga zimayenda chammbali ngati nkhanu, koma nkhani iyi ndati ndilembe ndekha ndi dzanja langa. Ndikapatsa wina kuti andilembere adzaikometsa, adzandipukuta matope kumaso, pamene matopewo ndiye nkhani yake. Ondidziwa amati agogo oimba aja. Eya, ndine amene. Ndikakondwa ndimaimba, ndikatopa ndimaimba, ngakhale mchere ndimapempha ndi nyimbo. Koma lero ndiimba chapansipansi, nkhope ili pansi, pakuti pali masiku anayi a moyo wanga amene ndinatseka pakamwa pofunika kuyankhula.

Ndinabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, makolo anga anachoka ku Dedza wapansi. Pa komboni ya pafamupo ine ndinali mzamba. Mzamba, mwamva? Mayi akayamba kumva m'mimba, anthu ankathamangira kwa ine. Manja awa analandira ana, analandira ana, mpaka anawo anadzabala awo, nawonso ndinawalandira. Ndikamadutsa pa chigayo amuna ankavula zipewa.

Mafamu atasokonekera komboni inabalalika, wina uku wina uko. Mwana wanga wamkazi anali atapita kale ku London, ndiye anatiitana, ine ndi mwana wake Tiyamike amene ndinkamulera. Tinakhala atatu m'kafulati ka ku Woolwich, pamwamba penipeni, zenera loyang'ana pa siteji ya basi. Chisanu chachiwiri chisanathe mwana wanga anadwala, natisiya. Tinatsala awiri, gogo ndi mdzukulu, ndipo mdzukuluyo anali pasukulu. Panafunika wogwira ntchito, ndipo wogwira ntchitoyo ndinali ine.

Ntchito inapezeka ku Ilford, kutsidya kwa mtsinje, pa nyumba yosungirako okalamba. Tsiku loyamba anandiveka yunifolomu ya buluu, nandilowetsa m'chipinda cha mkulu wina wamwamuna, mzungu wamtali, wa msinkhu wa malemu bambo anga. Akuti msambitseni, wadziipitsira. Mayo ine! Kwathu mkazi saona thupi la mkulu wotero, ngakhale mphepo itatsegula chitseko umayang'ana kumbali. Ndinatsinzina. Ndinamusambitsa chotsinzina, ndikuimba kuti ndisamve chimene manja anga akugwira. Mkulu uja anali womenya anthu, koma atamva nyimbo anangoti phee. Kuyambira pomwepo anakhala wanga. Ndinamutcha Atsibweni, iye osadziwa kuti ndikuti chiyani, ankangomwetulira ndi nkhama zake.

Nditabwerera kunyumba Tiyamike anaona yunifolomu ija pa mpando.

"Agogo, akulembani kuti?"

Pakamwa panayankha mutu usanaganize. "Ku chipatala chachikulu cha ku Lewisham, mnzanga. Mbali ya makanda. Azungu aona manja a mzamba."

Mwana analumpha, nandikumbatira, naseka. Chichitikire maliro a amake anali asanasekepo. Ndiye mawuwo ndikanawabweza bwanji? Ndinati mawa, ndimuuza mawa. Mawa linabala mawa linzake.

Bodza lija linakula ngati dzungu la padzala. Kutchalitchi amayi anayamba kunditchula Asisitala, ngati namwino wamkulu. Kwathu, kumene ndinkatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi, akuti mlongo wathu akulandira ana a azungu. Ndipo bodza lili ndi miyendo yake, limafuna uliyendere. M'mawa uliwonse ndinkakwera basi ya ku Lewisham pa siteji imene Tiyamike ankaiona pazenera, ndikumubayibitsa. Ndikangokhota pakona, tsikeni. Ndinkabwerera chakuseri kwa msika, kuseri kwa ogulitsa nsomba ndi nthochi zophika, mpaka kumtsinje, kumene kuli njira ya apansi yodutsa pansi pa madzi. Ndinkatsikira mmenemo, mozizira, monyowa, mawu akumveka pawiri, n'kukatulukira tsidya lina, kenaka mabasi ena mpaka ku Ilford. Zaka ndithu, mvula, chisanu, ine pansi pa mtsinje ngati mfuko.

Wodziwa zonse anali mmodzi, Mai Zulu, mnzanga wa pa shifiti, wa ku Chipata koma wokulira ku Lusaka. Tinagawana ntchito: iye cholembera, ine msana. Mabuku a lipoti ankandilembera, ine ndinkamunyamulira olemera ndi ovuta. Tinkadyera limodzi m'chipinda chochapira, pakati pa makina otentha, chifukwa ndimo munali mofunda.

"Anaphiri," ankatero akutafuna, "boza yanu imwe ili na mabasi yatatu na tanelo. Muzafa na nsapato."

"Idyani mbatata yanu, amayi a ku tauni."

Tiyamike anakhoza, anakhozanso, nalowa yunivesite. Chaka china anabwera ndi pepala, akuti amutumiza ku Italiya miyezi yambiri, akaphunzire chiyankhulo cha kumeneko ndi zojambula zakale za m'matchalitchi. Pa bwalo la ndege ndinaimba nthungululu mpaka wapolisi anacheuka. Mdzukulu wa mzamba wa pa komboni, ku Italiya! Lululu!

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkagula khadi la foni pa kagolosale ka pakona, n'kukanda manambala ndi chikhadabo, n'kumuimbira. Chichewa chake chinkatsimphina, chizungu chikulowerera, koma poyankhula ndi ine ankayesetsa, ndipo tauni ija ankandiikira m'khutu yonse.

"Agogo! Tauni yake ili pamwamba pa phiri, yozunguliridwa ndi mpanda wa miyala. Misewu ndi yopapatiza, mukatambasula manja mugwira nyumba uku ndi uku. Zovala amayanika pamwamba pa msewu. Dzulo ndaona kabudula wa bambo wina akukupiza pamutu pa wansembe!"

"Wansembeyo anati chiyani?"

"Anangodutsa, agogo, akudya ayisikirimu."

Lamlungu lina akuti mabelu. Tchalitchi ichi chikalira, icho chimayankha, chachitatu chimachedwa ngati nkhalamba yogontha. Lamlungu lina akuti khofi amamwera m'kakapu konga chitsekerero cha botolo, ali chiimire, kamodzi n'kamodzi, basi wapita. Masana masitolo onse amatseka, tauni yonse imakagona dzuwa lili paliwombo. Chakumadzulo onse amavala za Lamlungu n'kumayenda atakolowekana mikono, kupita uko, kubwerera kuno, osapita kwina kulikonse. Munthu akamwalira amamata pepala lake pakhoma, anthu n'kumaima kuwerenga ngati zotsatira za mayeso.

"Amandiyang'ana kwambiri, agogo. Pa msika gogo wina anandigwira tsitsi osapempha. Ndinakwiya. Kenaka anandipatsa tomato atatu aulere, ndiye sindikudziwa ngati ndikwiyebe."

"Idya tomato, ukwiye mawa."

Zonsezi ndinkazisandutsa nyimbo. Loweruka pa msonkhano wa amayi ndinkaimirira: mdzukulu wanga ali paphiri, ee, paphiri pa mabelu, amwera m'kakapu, ee, kakapu ka mbalame! Amayi n'kumavomera, m'manja mukulira. Ku Italiya sindinapondeko, koma ndinkadziwa pamene pali chitsime cha mkango wa mwala wolavula madzi.

Tiyamike ankakhala m'nyumba ya mayi wina wamasiye, ankamutchula Sinyora. M'nyumbamo munalinso amake a Sinyorayo, nkhalamba yosadzuka pabedi, onse ankaitchula Nona, ndiko kuti agogo m'chiyankhulo chawo.

"Tauni ino ndi ya nkhalamba," anatero Lamlungu lina. "Ana ndi owerengeka. Ndipo nkhalamba iliyonse ili ndi mayi wachilendo woikankha pa mpando wa matayala. Lachinayi masana amayiwo amapuma, amakhala pa mabenchi a m'mbali mwa mpanda, akutafuna njere za mpendadzuwa, akuluka, akuonetsana zithunzi za ana awo. M'nyumba mwathu alimo mmodzi, Dorina, wa ku Romania. Kwawo anali mphunzitsi, agogo. Tsopano amasambitsa Nona ndi kumupukuta."

Apa ndilembe bwino, ndisadumphe. Ndinaseka. Ndinaseka mokweza kuti mwana asamve mtima wanga ukugunda.

"Ha! Mphunzitsi wathunthu kukapukuta matako a eni ake? Ena alibe manyazi. Ine bola njala."

Ndikunena zimenezo ufa wa magolovesi a dzulo lake unali udakali m'zikhadabo zanga.

"Musatero agogo, ndi munthu wabwino. Amandisungira msuzi ndikachedwa. Ndamuuza za inu, kuti mumalandira makanda ku London. Anagwira pamtima, akuti ntchito yodalitsika."

Kenaka linafika Lamlungu lija. Mawu a Tiyamike analibe mabelu.

"Agogo, Nona watuluka chilonda kumunsi kwa msana, pamene amagonera. Dorina akafuna kumutembenuza amakuwa, amaluma, ndiye amangomusiya chagada tsiku lonse. Akumapaka spiriti n'kumatikita kuti chiume, koma chikukula. Sinyora wakwiya, akuti Dorina ndi waulesi, chikapanda kusintha amuchotsa. Ntchitoyi ndi yachilendo kwa iye, palibe anamuphunzitsa. Ali ndi ana awiri kwawo, agogo. Inu muli kuchipatala, simukudziwapo kanthu?"

Kudziwa? Ine? Misana ya nkhalamba ndinkaidziwa kuposa nkhope yanga. Atsibweni anagona zaka pabedi popanda kachilonda ngakhale konga nsawawa. Yankho linali pa lilime, lonse, lokonzeka ngati nyimbo ya pa Khirisimasi. Koma ndinaopa. Ndinati ndikangoyamba sindileka, ndipo mwana wanzeru uyu amva fungo la ku Ilford m'mawu anga. Adzati mzamba wa makanda wadziwira kuti za nkhalamba yoluma? Adzakumbuka kuseka kwanga kuja.

"Ine ndi wa makanda, mnzanga. Za nkhalamba sindizidziwa."

"Ndiye mufunseko madokotala anu mawa."

"Madokotala ndi anthu otanganidwa. Khadi likutha, mnzanga, ugone bwino."

Khadi silinkatha.

Lolemba ndinatembenuza Atsibweni osaimba. Lachiwiri osaimba. Ndikamuika pilo pakati pa mawondo ndinkaona mawondo a Nona, ndikamupukuta ndinkaona manja a mayi amene sindinamuonepo, akutikita spiriti pa chilonda. Lachitatu Atsibweni anandigwira mkono, nayamba kung'ung'udza yekha nyimbo yanga ija, mokhotakhota, akundiyang'ana kuti ndivomere. Sindinavomere. Lachinayi masana m'chipinda chochapira Mai Zulu anatseka chitseko ndi phazi.

"Anaphiri, wafa ndani? Sabata yonse wailesi yazima."

Ndinamuuza. Anasiya kutafuna.

"Imwe! Mwaleka muzimai munzanu achosedwe nchito chifukwa cha makanda yamene kulibe? Uja ni ise, Anaphiri. Uja ndimwe, uja ndine." Anatulutsa foni yake m'thumba nandiika m'manja. "Tumani foni manje manje. Mukakana nizamuuza neka, na mabasi yanu yonse yatatu."

Tiyamike anayankha ali panja, ndinkamva mabelu kumbuyo kwake. Sindinamupatse moni.

"Tenga cholembera. Spiriti asiye lero lomwe, asatikite, kutikita kumang'amba mnofu. Aitane adokotala aone chilondacho, chimenecho si cha munthu mmodzi. Azimutembenuza maola awiri alionse, uku, uko, asagonere pachilonda. Pilo pakati pa mawondo, pilo pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Nsalu ya pabedi isakhale ndi khwinya ngakhale limodzi. Akuluma chifukwa akuopa kugwa ndiponso manja ndi ozizira. Ayambe wafunditsa manja m'khwapa mwake, amuuze chimene akufuna kuchita, amupatse pilo akumbatire, ndiye amutembenuzire kwa iye mwini, osati kumukankhira kutali. Posambitsa ayambire kumapazi, thupi lonse lili m'thaulo, avundukule pokhapo pamene akusambitsa, munthu wamkulu safuna kuonedwa yense. Ndipo aimbe. Nyimbo iliyonse, ngakhale ya kwawo."

Nditamaliza, Tiyamike anati:

"Agogo, Dorina anamuchotsa dzulo. Chilonda chinanyeka, Nona ali kuchipatala."

Makina ochapira ankazungulira, ine ndinakhala pansi pa mulu wa nsalu zakuda.

"Zonsezi mwazidziwa bwanji? Mwafunsa madokotala?"

"Palibe madokotala, mwana wanga. Palibe Lewisham, palibe makanda. Ine ndimagwira ntchito ya Dorina. Ku Ilford. Chiyambire."

Ndinadikira kuti alire chifukwa agogo ake ndi opukuta nkhalamba. Sanalirire zimenezo ayi. Anati pang'onopang'ono, m'Chichewa chosatsimphina ngakhale pamodzi:

"Ndiye Lamlungu lija munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

Foni inaduka.

Kuyambira pamenepo tauni ija inanditsekera zipata. Lamlungu ndikaimba ankayankha, mwaulemu ndithu. Muli bwanji agogo, ndili bwino, kukuzizira, sukulu ili bwino. Za mabelu ayi, za wansembe ayi, za mkango wolavula madzi ayi. Amayi kutchalitchi akuti Asisitala, nyimbo ya ku Italiya yatsopano ili kuti? Ine ndikuti pakhosi pandivuta. Ndinamva pambuyo pake kuti Lachinayi lililonse Tiyamike ankapita ku mabenchi aja kukafunsa za Dorina. Ena akuti anakwera sitima ya kumpoto, ena akuti anabwerera kwawo. Nambala yake inali itasiya kulira.

Nona anachira, mochedwa, nabwerera kunyumba, ndipo kunabwera mayi wina watsopano womusamala. Tsiku lina Tiyamike anandiimbira yekha pakati pa sabata. "Munati pilo wachiwiri aikidwe pati?" Ndinamuuza, iye akumasulira mayi uja. Atatha anati zikomo, ngati akuthokoza wa m'sitolo.

Anabwerera London kutayamba kufunda. Pa bwalo la ndege nthungululu inafika pakhosi, ndinaimeza. Kunyumba anatsegula chikwama, natulutsa kaphukusi ka pepala, nakaika patebulo.

"Dorina anasiya pabedi langa tsiku limene anachoka. Ankaluka pa mabenchi paja. Anati ndikupatseni, mukaveke makanda a ku wodi yanu."

Tizipewa titatu ta ulusi, tating'ono ngati theka la lalanje. Kachikasu, koyera, kobiriwira. Munthu akuchotsedwa ntchito, akulongedza katundu, anakumbukira makanda anga. Makanda amene kulibe. Ndinatiyang'ana, ndinatiyang'ana, manja a mzamba analephera kutigwira.

M'mawa mwake miyendo inanditengera yokha pa siteji ya basi ya ku Lewisham, chizolowezi. Ndinamva munthu akundikoloweka mkono. Tiyamike, atavala jekete pamwamba pa zogonera.

"Kumeneko mukukatani? Tiyeni njira yanu yeniyeni, ndiione."

Tinadutsa pakati pa msika, osati kuseri. Tinatsikira pansi pa mtsinje tonse awiri, mikono yokolowekana ngati anthu a ku tauni yake ija. Titafika pakati, pamene madzi amadontha, anandifunsa:

"Zaka zonsezi, agogo, mmuno?"

"Mmuno."

"Ine ntchito yanu sindikanachita nayo manyazi. Chimene chikundiwawa ndi Dorina."

"Nanenso, mnzanga."

Sanati zatha. Ndipo sindinamupemphe kuti atero. Koma anafika nane ku Ilford, Mai Zulu anamupatsa mbatata, ndipo Atsibweni atamuona anamugwira dzanja osafuna kulisiya.

Kachipewa kachikasu ndinapita nako ku msonkhano wa amayi Loweruka. Kunali mayi wina wachitsikana amene anali atangochira kumene, khanda lili m'manja. Ndinaimirira pamene ndinkaimirira poimba za mabelu, ndinanena zonse, kuyambira basi ya ku Lewisham mpaka masiku anayi aja. Ndinati musandiitanenso Asisitala. Amayi onse maso pansi. Kenaka mayi wina wa kumbuyo, amene tonse tinkadziwa kuti amagwira ku banki, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Nanenso ku banki ndimapitako ndi chokolopera." Wina anaseka, wina analira, wina anati nanga ine ndinene? Tsiku limenelo tinapezana kuti pafupifupi tonse tinali ndi ufa wa magolovesi m'zikhadabo. Khanda linavala chipewa, linayasamula.

Koyera ndinapita nako kwathu, nditapita kukaona abale patapita zaka. Ndinapeza ana amene ndinawasiya akukwawa ali ndi ndevu, alongo anga ali m'nyumba ya malata imene inamangidwa ndi misana ya ku Ilford. Anandilandira ndi Asisitala, Asisitala. Ndinawakhazika pansi, ndinawauza. Mlamu wanga anakwinya nkhope. "Mukanangokhala chete, alamu, anthu kuno amatilemekeza nazo." Ndinati kukhala chete ndinakuyesa kale, ndikudziwa mtengo wake. Mdzukulu wa mlamu yemweyo ndiye anavala koyera.

Kobiriwira kanakhala m'chikwama changa cha kutchalitchi zaka zambiri. Atsibweni anapita, ndinamutseka maso ndine. Mai Zulu anabwerera ku Lusaka. Msana wanga unati basi, ndinasiya ntchito. Tiyamike anakwatiwa, ndipo chaka chatha anachira mwana wamkazi, ku chipatala chomwe chija cha ku Lewisham chimene ndinkanamizira. Ndinalowamo koyamba tsiku limenelo, ndinasochera kawiri ndisanapeze mbali ya makanda. Nthungululu ndinaimba, eya, anamwino anathamanga kudzaona, lululu mpaka kukhonde!

Nditakhala pansi Tiyamike anandiyang'ana ali pa pilo.

"Agogo, kachitatu kaja muli nako?"

Ndinali nako. Ndinafunditsa manja m'khwapa, ndinanyamula kamutu, ndinakaveka. Kanakwana ngati anachita kuyeza.

Tsopano mwanayo ndimamulera masana amake akapita kuntchito, ndipo nyimbo yomugonetsa ndi imodzi yokha, ina amaikana. Dorina, Dorina, spiriti usiye, ee. Funditsa manja, mayi, funditsa manja. Mtembenuzire kwa iwe, ee, pilo pa mawondo, yambira kumapazi, Dorina, ndipo uimbe. Mwana amatseka maso, amagona. Iye akuyesa ndi nyimbo yake. Sadziwa kuti ndi yankho la Lamlungu lija, likuyendabe, likufunafuna mwini wake.